Seebohm Rowntree: Munthu Amene Anawerengera Mtengo wa Moyo wa Wantchito

M'ndandanda wathu wa mbiri za anthu otchuka amene anatisiya kale, lero tafika pa munthu amene sanakhalepo mfumu, msilikali kapena phungu wa nyumba ya malamulo. Iye anali mwana wa mwini fakitale ya koko ndi chokoleti mumzinda wa York, kumpoto kwa dziko la England. Dzina lake ndi Benjamin Seebohm Rowntree. Timamukumbukira kamba ka funso limodzi limene analifunsa ali mnyamata, nalifunsabe kufikira imvi zitamera: kodi munthu wogwira ntchito tsiku ndi tsiku ayenera kulandira ndalama zingati kuti iye ndi banja lake akhale ndi moyo? Funso limeneli si lachilendo kwa ife, pakuti limafika m'nyumba zambiri mwezi usanathe, pamene ufa uli pansi pa dengu koma tsiku la malipiro likadali kutali.

Kubadwa ndi kukula kwake

Seebohm anabadwa pa 7 July 1871. Bambo ake anali a Joseph Rowntree ndipo mayi ake anali a Emma Antoinette Seebohm. Banja limeneli linali la mpingo wa Quaker, umene anthu ake amadzitcha Abwenzi. Mpingowu umaphunzitsa kuti mwa munthu aliyense muli kuwala kwa Mulungu, kotero kuti wolemera ndi wosauka ndi ofanana pa ulemerero wawo. Kampani ya banjali anaiyamba ndi Henry Isaac Rowntree m'chaka cha 1862, ndipo a Joseph, amene anali mkulu wake, analowamo m'chaka cha 1869 nakuza ntchitoyo kwambiri.

Mnyamatayo anaphunzira pa sukulu ya Bootham mu York momwemo. Kuchoka apo anapita ku Owens College mumzinda wa Manchester, kumene anaphunzira kemisitiri, sayansi yoyeza ndi kusanganiza zinthu. M'chaka cha 1889 anayamba ntchito pa kampani ya bambo ake, ndipo m'chaka cha 1897 anakhala mmodzi wa akuluakulu oyendetsa kampaniyo. Chaka chomwecho anakwatira Lydia Potter, ndipo anabereka naye ana asanu.

Pali zinthu ziwiri za pa unyamata wake zimene tiyenera kuzisunga. Choyamba, maphunziro a sayansi anamuzoloweza kuyeza chinthu asanachinene. Chachiwiri, tsiku la Mulungu lirilonse ankaphunzitsa pa sukulu ya akuluakulu, kumene amuna ogwira ntchito zamanja ankabwera kudzaphunzira. Kumeneko anadziwana ndi anthu amene mwana wa munthu wolemera sakanakhala nawo pa mpando umodzi, ndipo anayamba kuwachezera m'makomo mwawo.

Kalembera wa chaka cha 1899

Pa nthawi imeneyo dziko la Britain linali pakati pa mayiko olemera koposa onse, ndipo linkalamulira mayiko ambiri kuphatikizapo lathu lino. Anthu ambiri ophunzira kumeneko ankakhulupirira kuti munthu amasauka kamba ka ulesi, uchidakwa kapena njuga. Munthu wina wolemera, Charles Booth, anali atafufuza za umphawi mumzinda wa London napeza kuti pafupifupi anthu 30 pa 100 aliwonse anali amphawi. Koma ambiri ankati zimenezo n'za ku London kokha, mzinda waukulu kumene anthu amathithikana. Seebohm anafuna kudziwa ngati zinthu zinali zosiyana mumzinda wocheperapo monga York, umene unali ndi anthu pafupifupi 75,800.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. M'chaka cha 1899 Seebohm ndi omuthandiza anayenda khomo ndi khomo m'madera onse a anthu apantchito. Analemba mabanja 11,560, m'mene munali anthu 46,754. Ankalemba ntchito ya mwini nyumba, chiwerengero cha ana, zipinda za nyumbayo, ndalama za lendi, ndi mabanja angati amene ankagwiritsa ntchito mpopi umodzi kapena chimbudzi chimodzi. Za malipiro ankafunsanso kwa olemba ntchito. Mabanja ena anapemphedwa kulemba chakudya chonse chimene ankagula ndi kudya kwa milungu ingapo.

Atatha kusonkhanitsa zonsezi, anachita chinthu chimene chinamutchukitsa. Anatenga zimene akatswiri a zakudya, monga W. O. Atwater wa ku United States, anapeza zokhudza chakudya chimene thupi limafuna, ndipo anaona kuti mwamuna wogwira ntchito yamphamvu pang'ono amafuna makalori 3,500 pa tsiku. Tsono anasankha zakudya zotchipa koposa zimene zingapereke mphamvu imeneyo, nayang'ana mitengo yake m'masitolo a mu York. Anaphatikizapo lendi, zovala, malasha otenthetsa nyumba, kuwala ndi sopo. Chiwerengero chimene chinatuluka anachitenga kukhala mzere wa umphawi. Banja lolandira ndalama zosafika pa mzerewo silikanatha kusunga thanzi la matupi awo, ngakhale mayi wa m'nyumbamo akanakhala wosamala chotani.

Achikulire athu akukumbukira ndalama zimene tinkagwiritsa ntchito kwacha isanabwere m'chaka cha 1971: makobiri 12 ankapanga sheleni imodzi, ndipo masheleni 20 ankapanga paundi. Mwa ndalama zoterozo, Seebohm anapeza kuti bambo, mayi ndi ana atatu ankafuna masheleni 21 ndi makobiri 8 pa mlungu. Pa ndalamazo, masheleni 12 ndi makobiri 9 zinali za chakudya, masheleni 4 za lendi, ndipo masheleni 4 ndi makobiri 11 za zovala, moto ndi zina zotsala. Koma wantchito wamba mu York ankalandira pakati pa masheleni 18 ndi 21 pa mlungu. Apa mwana wa sukulu aliyense angathe kuchotsera yekha. Munthu wolimbika, wosajomba, wosamwa mowa, akangokhala ndi ana atatu anali kale pansi pa mzere.

Tiyenera kudziwa kuti mzere umenewu unali wouma kwambiri. M'chakudyacho munalibe nyama yatsopano ya kubutchala. Panalibe kobiri ya fodya, ya nyuzipepala, ya sitampa, ya ulendo, ya chopereka cha kutchalitchi kapena ya kaseweredwe ka mwana. Seebohm anauumitsa dala, chifukwa ankadziwa kuti olemera adzafunafuna pogwira kuti anene kuti wakokomeza. Anafuna chiwerengero chimene ngakhale munthu wouma mtima sangachitsutse.

Zimene anapeza

Zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 1901 m'buku lotchedwa Poverty: A Study of Town Life. Anthu 20,302, ndiye kuti pafupifupi 28 pa 100 aliwonse mu York, anali pa umphawi. Iye anawagawa pawiri. Gulu loyamba linali la anthu 7,230, pafupifupi 10 pa 100 aliwonse, amene ndalama zawo zonse sizinkafika pa mzere uja. Gulu lachiwiri linali la anthu amene ndalama zawo zikanakwana, koma zina zinkapita ku zinthu zina, zofunika kapena zosafunika, ndipo zizindikiro za kusowa zinkaoneka m'nyumba zawo.

Pamene anafufuza chimene chinagwetsa gulu loyambalo mu umphawi, anapeza chinthu chimene chiri phata la mbiri yake yonse. Pa anthu 100 aliwonse a m'gululo, pafupifupi 52 anali a m'mabanja amene mwini nyumba anali pa ntchito yokhazikika koma malipiro ake anali ochepa. Pafupifupi 22 anasauka chifukwa cha kukula kwa banja, 16 chifukwa cha imfa ya wopezera banja chakudya, 5 chifukwa cha matenda kapena ukalamba, ndipo otsalawo chifukwa cha ulova kapena ntchito yodukizadukiza. Kunena kwina, oposa theka la osaukitsitsa ankadya thukuta la munthu wodzuka m'mamawa kupita ku ntchito. Nthano ija yoti mmphawi ndi waulesi inatha mphamvu pamaso pa ziwerengerozi.

Anasonyezanso kuti umphawi umalembedwa pa matupi a ana. M'madera osaukitsitsa a York, ana 247 pa 1,000 aliwonse obadwa ankamwalira asanakwanitse chaka chimodzi, pamene m'mabanja okhala ndi antchito a m'nyumba ankamwalira 94. Ana a sukulu a m'madera osauka anali aafupi ndi opepuka kuposa anzawo a msinkhu womwewo. Nkhaniyi inafika pa nthawi ya nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu ku South Africa, ya 1899 mpaka 1902, pamene anyamata ambiri ofuna usilikali ankabwezedwa kamba ka kufooka kwa matupi awo. Chotero ngakhale atsogoleri amene analibe chifundo ndi amphawi anachita mantha.

Chinanso chimene anatiphunzitsa ndi chakuti umphawi umayenda ndi msinkhu wa munthu. Wantchito amasauka katatu pa moyo wake: ali mwana m'nyumba ya makolo ake, pamene iye mwini ali ndi ana aang'ono osagwira ntchito, ndi pamene wakalamba mphamvu zitatha. Amapumako kawiri kokha, ali mbeta wopanda banja ndi pamene ana ake ayamba kupeza ndalama akadali pakhomo. Choncho anthu amene analawako umphawi pa moyo wawo anali ochuluka kuposa amene anawerengedwa m'chaka chimodzicho. Ife aphunzitsi timaziona zimenezi m'kalasi: mwana wanzeru wa bambo wapantchito amasiya sukulu chaka chimene azing'ono ake achuluka.

Kuchokera m'buku kufika m'malamulo

Bukuli linawerengedwa ndi atsogoleri a ndale. Winston Churchill, amene panthawiyo anali phungu wachinyamata, linamukhudza kwambiri, ndipo m'chaka cha 1909 ali nduna anayendetsa lamulo la Trade Boards Act, limene linakhazikitsa mabungwe oika malipiro otsikitsitsa m'ntchito zingapo zimene antchito ankaponderezedwa koposa, monga kusoka zovala ndi kupanga maunyolo. Boma lomwelo la chipani cha Liberal linayambitsa penshoni ya okalamba m'chaka cha 1908 ndi inshuwalansi ya matenda ndi ulova m'chaka cha 1911. Sitinganene kuti zonsezi anachititsa ndi munthu mmodzi, pakuti mabungwe a antchito ankamenyera zomwezo kwa zaka zambiri, ndipo wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Koma ziwerengero za ku York zinawapatsa umboni umene unali wovuta kuukana.

Seebohm anakhala bwenzi ndi mlangizi wa David Lloyd George. M'chaka cha 1913 iye ndi May Kendall analemba za moyo wa antchito a m'minda, amene malipiro awo anali otsika kuposa a m'mizinda. Pa nkhondo yaikulu yoyamba anapatsidwa udindo woyang'anira umoyo wa antchito m'mafakitale a zida za nkhondo, m'mene akazi ambiri ankagwira ntchito maola ochuluka.

M'chaka cha 1918 anatulutsa buku lina, The Human Needs of Labour. Umu ndi m'mene anafotokoza bwino maganizo ake pa malipiro. Tsopano anasiya mzere wouma uja nawonjezapo zinthu zimene munthu amafuna kuti akhale ngati munthu pakati pa anzake: kanyama, nyuzipepala, ulendo wa ku ntchito, zopereka ku bungwe la antchito ndi ku thumba la matenda. Pa mitengo ya 1914 anapeza kuti banja la anthu asanu linkafuna masheleni 35 ndi makobiri 3 pa mlungu. Anasiyanitsa malipiro a mitundu iwiri. Malipiro apansi ayenera kuikidwa poyang'ana zosowa za munthu, ndipo lamulo liyenera kuwateteza. Malipiro oposa apo, a luso ndi a udindo, angathe kukambidwa pa msika. Anaonanso kuti malipiro owerengedwa pa ana atatu sangakwanire banja lalikulu, ndipo anaganiza kuti pamenepo boma liyenera kuthandizapo.

Nanga mwini ntchito akati alibe ndalama zolipira chotero? Seebohm sanapeputse funso limeneli, popeza iyenso anali mwini ntchito. Yankho lake linali lakuti munthu wosadya mokwanira amagwira ntchito mofooka, amadwaladwala ndipo amalakwitsa, kotero kuti malipiro otsika amadyanso phindu la kampani. Anati ntchito ipatsidwe nthawi yoti ikonze kayendetsedwe kake, ichepetse kuwononga ndi kugula makina abwino, kufikira itatha kulipira mokwanira. Kwa iye, kulephera kulipira antchito kawirikawiri kunali chizindikiro cha kuyendetsa ntchito mosalongosoka, ndipo mlandu wake unali wa mabwana.

Pa fakitale ya kwawo

Munthu amene amalangiza ena timamuyang'ana pakhomo pake. Pa kampani ya Rowntree, iye ndi bambo ake anayambitsa penshoni ya antchito m'chaka cha 1906. Anaikapo dokotala ndi wosamalira mano. M'chaka cha 1919 antchito anayamba kugwira masiku asanu pa mlungu, maola 44, ndipo panakhazikitsidwa bwalo limene oimira antchito ankakambirana ndi mabwana. M'chaka cha 1923 antchito anayamba kugawana nawo phindu, ndipo chaka chomwecho Seebohm anakhala wapampando wa kampaniyo, udindo umene anausunga mpaka 1941. Zaka zina zinali zovuta, malonda anatsika ndipo antchito ena anachotsedwa. Kampani inadzukanso m'zaka za m'ma 1930 ndi katundu watsopano monga chokoleti chimene lero chimatchedwa Kit Kat, cha 1935, ndi Smarties, za 1937.

Sanasiye kuwerenga amphawi a mumzinda wake. M'chaka cha 1936 anachita kalembera wachiwiri, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1941. Poyeza ndi mzere wakale uja anapeza kuti umphawi wadzaoneni unatsika ndi kupitirira theka. Koma poyeza ndi mzere watsopano, wa masheleni 43 ndi makobiri 6 lendi itachotsedwa, anthu 31 pa 100 aliwonse a m'mabanja apantchito anali akadali amphawi, ndipo malipiro ochepa ndi ulova ndizo zinali zifukwa zazikulu. Analangizanso William Beveridge, amene lipoti lake la 1942 linakhala maziko a chithandizo cha boma kwa anthu onse nkhondo itatha. Lamulo la 1945 linapatsa mabanja masheleni 5 pa mlungu pa mwana aliyense kupatula woyamba.

Kalembera wachitatu anachitika mu 1950, Seebohm ali nkhalamba. Anapeza kuti amphawi anali osakwana 3 pa 100 aliwonse a m'mabanja apantchito, ndipo ambiri anali okalamba. Anamwalira pa 7 October 1954 kunyumba kwake pafupi ndi High Wycombe, ali ndi zaka 83, akukhulupirira kuti mdani uja anali pafupi kugonja.

Pamene anaperewera

Mbiri yoona imanena ndi zofooka zomwe. Ofufuza a pambuyo pake, Brian Abel-Smith ndi Peter Townsend, anasonyeza m'chaka cha 1965 kuti umphawi ku Britain unali waukulu kuposa m'mene anthu ankaganizira, ndipo Townsend anaphunzitsa kuti mzere wa umphawi uyenera kukwera pamodzi ndi moyo wa anthu onse. Seebohm anaikanso malipiro a mkazi pansi pa a mwamuna, poganiza kuti wosamala banja ndi mwamuna, ngakhale kuti m'kalembera wake yemwe munali akazi amasiye ambiri olera ana okha.

Chofooka chachikulu chiri pa koko mwiniwake. Chokoleti cha ku York chinkapangidwa ndi mbewu yolimidwa m'mayiko otentha. M'zaka za m'ma 1890 kampaniyo inagula minda ku Dominica, Jamaica ndi Trinidad. M'chaka cha 2021 mabungwe otchedwa ndi dzina la Rowntree anavomereza poyera kuti kampaniyo inapindula ndi ntchito ya anthu omangidwa ndi mapangano okakamiza m'mayiko atsamunda, ndi kuti nthambi yake ya ku South Africa, Wilson Rowntree, inkapondereza antchito akuda pa nthawi ya tsankho. Sikelo imene inayeza mbale ya wantchito wa ku York sinafike kwa wothyola koko.

Komabe njira yake yowerengera inadzafika ku Africa kuno kudzera mwa ena. Edward Batson wa pa yunivesite ya Cape Town anaigwiritsa ntchito poyeza umphawi kumeneko, ndipo David Bettison wa ku Rhodes-Livingstone Institute anatulutsa m'chaka cha 1960 mzere wa umphawi wa mizinda ya chigawo chino, kuphatikizapo Blantyre. Izi zinali zofunika chifukwa olemba ntchito a nthawi ya atsamunda ankalipira munthu wakuda ngati mbeta, poganiza kuti mkazi ndi ana adzadya za kumunda kumudzi.

Ku Britain, lamulo la malipiro otsikitsitsa a dziko lonse linayamba kugwira ntchito mu April 1999, zaka 100 chichitikireni kalembera wa ku York. M'chaka cha 2001 mipingo, masukulu ndi mabungwe a anthu a kum'mawa kwa London anayamba kupempha olemba ntchito kuti azilipira malipiro okwanira moyo, oposa a lamulo. Kampani ya Rowntree inagulidwa ndi Nestlé mu 1988, koma bungwe la Joseph Rowntree Foundation linapitiriza kulipirira kafukufuku wa zosowa za mabanja.

Tsono owerenga, phunziro la munthu uyu ndi la masamu osavuta. Amene mwalemba mlonda, wantchito wa m'nyumba, wa m'sitolo kapena wa kumunda, tengani pepala ndi pensulo. Lembani mtengo wa chimanga chimene banja la anthu asanu lingadye pa mwezi, ndalama za kuchigayo, ndiwo, mchere, sopo, makala, lendi, zovala ndi makope a ana. Phatikizani, kenaka muyerekeze ndi ndalama zimene mumapereka pa mapeto a mwezi. Seebohm Rowntree anachita zomwezo m'chaka cha 1899, ndipo atapeza yankho anagwiritsa zaka makumi asanu zotsatira kuyesa kulikonza.